Njinga yobwereka asankhe ndi wokhala kumbuyo

Kwangotsala masabata owerengeka kuti tifike pa 15 October, tsiku la anakubala, ndipo ife a m'mbali mwa nyanja tayamba kale kusesa pabwalo. Ino ndi nyengo imene ana athu a m'tauni amakumbukira kwawo. Amatsika minibasi pa Benga pano atanyamula majumbo a shuga ndi zitenje zatsopano, ndipo akangogona tsiku limodzi mtima umayamba kufuna kuzungulira. Wina akufuna akaonetse mkazi wake doko limene ankasambako ali mwana, wina akufuna atengere mayi ake ku Chia akadzisankhire okha chambo. Poti galimoto ndi ya ochepa, maso onse amathera pa njinga yamoto.

Lero tsono ndati tikambirane za kasankhidwe ka njinga yobwereka pamene muli ndi munthu woti mumunyamule tsiku lonse. Mfundo yanga ndi imodzi: njinga yotere isankhidwe ndi maso a wokhala kumbuyo. Woyendetsa amakhala pakati pa matayala awiri, manja ake ali pa mahandulo, ndipo dzenje amaliona lisadafike n'kudzikonzekeretsa. Wokwera amakhala pamwamba penipeni pa tayala lakumbuyo, chimene akuona ndi msana wa mnzake basi, ndipo dzenje amalidziwira m'chiuno. Njinga ikakhala yoipa, amene amalipira ndi thupi lake ndi iyeyo, chonsecho posankha safunsidwa.

Kumaiko kumene kumachuluka alendo, monga pachilumba cha Zanzibar, kubwereka njinga yamoto ndi bizinesi ya pakauntala: mlendo amasainira pepala, amapatsidwa makiyi, n'kumapita. Kuno kwathu nkhani zambiri zotere zimathera pasiteji ya akabaza. Mumagwirizana ndi mwini njinga kuti akupatseni muyendetse nokha kwa tsiku, kapena mumamulemba ganyu iyeyo kuti akuyendetseni. Njira zonsezi n'zabwino, koma poti palibe kampani imene yaiunika njingayo m'malo mwanu, wounika ndinu nomwe.

Musadayang'ane njinga, yambani mwadziwa kumene mukupita. Benga ili pamsewu wa M5, umene umachokera ku Salima kulowera ku Nkhotakota, Dwangwa mpaka ku Nkhata Bay. Mukalunjika kumpoto mumadutsa pamlatho wa Chia, pamene nyanja yaing'ono ya Chia imalumikizana ndi nyanja yaikulu, kenaka n'kufika ku boma. Kumeneko kuli akasupe a madzi otentha a Mawira, komanso mtengo umene mbiri imati David Livingstone adakumanirapo ndi Jumbe mu 1863 pankhani ya malonda a akapolo. Umenewo ndi ulendo wa pamsewu waukulu, wolimbana ndi malole, maminibasi, maenje ndi malo opatukira pamene pakukonzedwa. Koma mukati mutsikire kumadoko, mwalowa m'tinjira ta mchenga, ndipo mu October mchenga umakhala wouma ndi wakuya. Mukakwera chakumadzulo, kumidzi ya kumtunda, mwakumana ndi zitunda, miyala ndi mizu ya mitengo. Njinga imene ikukoma paphula ikhoza kukulizani pamchenga.

Apa mpamene pamabwera funso limene achinyamata obwera kuchokera ku Lilongwe ndi Blantyre amakonda kufunsa: bwanji osapeza sikuta? Sikuta ndi kanjinga kamoto kaja ka matayala ang'onoang'ono, kopanda thanki pakati pa miyendo, kamene mapazi mumangowasanjika pathabwa ngati muli pampando wa kunyumba. Kadatchuka ku Italy kampani ya Piaggio itatulutsa Vespa mu 1946. Kunena chilungamo, kwa wokwera kali ndi zabwino zake. Chishalo chake chimakhala chotambalala, tcheni sichionekera kunja, ndipo pansi pa chishalo pali malo oikamo katundu. Ambiri mwa masikuta a masiku ano alibe magiya osintha ndi phazi, choncho sagwedeza munthu ponyamuka.

Vuto lili pa matayala. Masikuta ambiri ali ndi matayala a mainchesi 10 mpaka 14, pamene njinga za akabaza zili ndi a mainchesi 17 kapena 18. Tayala laling'ono limagwera m'dzenje lonse, pamene lalikulu limangodutsa pamwamba. Pamchenga laling'onolo limakumba n'kutitimira. Komanso sikuta mimba yake ili pafupi ndi nthaka, ndiye mukakwera awiri imakhula pa mahampu ndi pamiyala. Onjezani apo nkhani ya zipangizo: lamba woyendetsa tayala la sikuta akaduka muli kumudzi, makaniko wa pansi pa mtengo wa mango adzangokuyang'anani, pamene tcheni cha Lifo kapena Boxer amachilumikiza mukudya chinangwa. Choncho ngati ulendo wanu ndi wa paphula pokhapokha ndipo sikuta yabwino mwaipeza, kwerani. Koma ngati muli ndi maganizo opatukira kunyanja, tengani njinga ya matayala akuluakulu.

Pa kukula kwa injini, njinga zambiri zimene timaziona pamasiteji ndi za pakati pa 100cc ndi 150cc. Kwa anthu awiri akuluakulu ndi kachikwama, ine ndimalimbikitsa 125cc kapena 150cc. Cholinga si liwiro ayi. Injini yaing'ono ikalemedwa imalira kwambiri, imanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumathera m'mapazi ndi m'matako a wokwera mpaka dzanzi. Pachitunda imafuna kusintha magiya pafupipafupi, ndipo kusintha kulikonse wakumbuyo amagunda chipumi pamsana panu. Injini yokulirapo imakoka mofatsa, ndipo kufatsako ndiye mtendere wa munthu amene mwamunyamula.

Eni njinga nawonso amadziwa kutsatsa malonda. Mukangoima pasiteji mudzamva wina akuti, "Achimwene, tengani iyi, ndi yatsopano, imathamanga ngati mphepo." Yankho lanu likhale funso: "Nanga mayiwa akhala pati?" Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Utoto wowala, zomatamata ndi wailesi yolira sizinyamula munthu.

Yambani ndi chishalo. Chikhale chachitali mokwanira anthu awiri popanda wakumbuyo kukhalira chitsulo cha kaliyala. Chikhale chopyapyala pang'ono kutsogolo, chotambalala kumbuyo, ndipo chisapendekere kutsogolo, chifukwa chikatero wokwera amangotsetsereka n'kumakukanikizani pa thanki ulendo wonse. Chidinikizeni ndi chala chachikulu. Chala chikafika pa chitsulo, siponji idatha kalekale. Njinga zambiri za kabaza zanyamulapo matumba a mpunga, madengu a usipa ndi makala, kotero chishalo chimaoneka bwino kunja koma m'kati chidaphwanyika. Nunkhizaninso. Mayi amene wavala chitenje chake chatsopano sangakondwe kufika ku boma akununkha utaka.

Kenaka werama muone zopondera za wokwera. Zikhalepo zonse ziwiri, zolimba, zokhala ndi labala. Ndaonapo njinga zambiri zimene chopondera chimodzi chidathyoka ndipo adangolowetsapo bawuti. Phazi likasowa popondera limalendewera, ndipo pamene limalendewera mpomwe pali masipoko mbali iyi ndi paipi ya utsi mbali inayo. Njinga zina, makamaka zochokera ku India, zimabwera ndi chopondera chotambalala ndi kachitsulo kotchinga tayala lakumbuyo kumanzere, zimene adazipanga poganizira amayi ovala nsalu zazitali. Mukaipeza yotere, mwapeza chuma.

Paipi ya utsi, imene ambiri timangoti ekizozi, ikhale ndi chotchinga chake pamwamba. Mlamu wanga ali ndi chipsera pakatumba mpaka lero. Mwamuna wake adabwereka njinga kwa mnzake wina, yopanda chotchingacho, ndipo potsika pamsika mwendo udangokhudza pang'ono. Bala la moto wotere limaoneka laling'ono tsiku loyamba, koma lake lidatenga masabata kuti lipole, ndipo nthawi yonseyo kumunda sadapiteko. Choncho muuzeni wokwera wanu kuti azikwerera ndi kutsikira kumanzere, poti pa njinga zambiri ekizozi ili kumanja.

Tcheni nachonso chikhale ndi chovindikira. Pano ndilankhule ndi amayi ndi alongo anga mosabisa mawu. Chitenje ndi ulemu wathu, koma nsonga yake ikakodwa mu tcheni kapena m'masipoko njinga ili paliwiro, imakukokerani pansi musadakuwe n'komwe. Kukhala chammbali, miyendo yonse mbali imodzi, n'kumene ambiri tidazolowera poopa kuoneka opanda mwambo. Paulendo waufupi wopita kuchigayo mwina zimatheka, koma paulendo wa tsiku lonse kumatopetsa msana, kumapendeketsa njinga, ndipo woyendetsa akagwira buleki mwadzidzidzi mulibe pogwira ndi mawondo. Valani buluku kapena kabudula wamtali m'kati, mukhale motangadza, chitenje muchipinde bwino n'kuchikhalira nsonga zake. Mukatsika muchimasule, ulemu wanu ubwerere pomwepo. Kumapazi valani nsapato zotseka, osati patapata.

Onaninso pogwira. Kumbuyo kwa chishalo kapena m'mbali mukhale chitsulo choti wokwera agwire. Mwamuna ndi mkazi wake akhoza kugwirana m'chiuno, koma pamwambo wathu si aliyense angatero. Apongozi sangakugwireni m'chiuno ngakhale njinga itachita kudumpha. Ngati palibe chitsulo chogwira, adzangokhala chilili, manja ali pamaondo, kudikira dzenje loyamba.

Tsopano tifike pa masipuling'i akumbuyo, amene amakaniko amati mashoko. Kanikizani kumbuyo kwa njinga ndi mphamvu n'kusiya. Ikabwerera kamodzi n'kukhazikika, ali bwino. Ikamangodumphadumpha, kapena mukaona mafuta akuchucha pa chitsulo chake, adatha. Mashoko ambiri ali ndi kamphete kokhala ndi mano pansi pake, kamene amakatembenuza kuti sipuling'i ilimbe pamene njinga yanyamula anthu awiri. Pemphani mwini wake akutembenuzireni, mbali zonse ziwiri mofanana. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri, koma imasiyanitsa kufika mukuseka ndi kufika mutagwira msana.

Matayala akhale ndi mizere yooneka, opanda ming'alu m'mbali. Tayala losalala ngati mutu wa dazi limaterera pamchenga umene mphepo imaululutsira paphula. Lakumbuyo lipopedwe mokwanira anthu awiri, chifukwa lofewa limatentha msanga ndi dzuwa la mwezi uno ndipo limatsina chubu mukagunda dzenje. Mabuleki ayeseni onse awiri, wa dzanja ndi wa phazi. Pali akabaza ena amene adazolowera kuyenda ndi buleki yakumbuyo yokha, yakutsogolo idafa chaka chatha. Iwo njinga yawo amaidziwa, inu simuidziwa, ndipo njinga yolemedwa imatenga mtunda wautali kuti iime. Yatsani nyali, yesani hutala ndi maindiketa, ndipo magalasi oonera kumbuyo akhalepo. Pa M5 lole imakufikani kumbuyo musadaimve, makamaka mphepo ikamaomba m'makutu.

Zonsezi mukaona, musapereke ndalama musadayese. Kwerani nonse awiri, muyende pang'ono paphula, mupatukire m'kanjira ka fumbi, mubwerere. Potsika mufunseni mnzanuyo: "Mwakhala bwanji? Mawondo apindika kwambiri? Pali pamene pakukubayani?" Anthu athu, makamaka amayi achikulire, sadandaula msanga. Adzati, "Zili bwino, mwanawe," pofuna kusakuvutitsani. Yang'anani mmene atsikira. Akatsika akuwongola msana kapena kutikita ntchafu patangotha mphindi zisanu, dziwani kuti pakutha pa maola atatu adzakhala akulira chamumtima. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yesani njinga ina.

Zipewa zodzitetezera zikhale ziwiri. Chizolowezi chathu n'choti woyendetsa avala chipewa, wokwera mutu uli pamtunda, ngati kuti mutu wa kumbuyo ndi wa mwala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati kuvala chipewa moyenera kumachepetsa mpata wa imfa pangozi koposa ka 6, ndipo mpata wovulala ubongo umatsika mpaka ndi 74 pa 100 iliyonse. Mawu oti moyenera ndi ofunika. Chipewa chachikulu chimene chikuzungulira pamutu, kapena chopanda lamba wa pachibwano, chimavuka munthu asadafike pansi. Chipewa cha pa ntchito ya zomangamanga si cha njinga. Chikhalenso ndi galasi lakumaso, poti kuno kunyanja mukhoza kukumana ndi nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'madzi ngati utsi, ndipo kulowa m'khamu lake maso ali pamtunda n'kuyendetsa mutatsinzina. Ngati mayi akuda nkhawa ndi tsitsi kapena thukuta la anthu ena, avale kaduku kopyapyala m'kati.

Mapepala nawo musawanyozere. Njinga yamoto ili ndi laisensi yakeyake: gulu la A1 ndi la njinga zosapitirira 125cc, gulu la A ndi la zazikulu kuposa apo. Laisensi ya galimoto si chilolezo choyendetsera njinga yamoto. Njingayo ikhale yolembetsedwa, yokhala ndi nambala ndi inshuwalansi. Tonse tikudziwa kuti njinga zambiri m'midzi muno zilibe zimenezi, ndipo n'chifukwa chake eni ake amadziwa tinjira tonse tozembera. Koma inu muli ndi mlendo, mukudutsa pamsewu waukulu pamene pamakhala apolisi. Njinga ikagwidwa, tsiku lanu lathera pomwepo. Choopsa kuposa apo n'chakuti mukagunda munthu ndi njinga yopanda inshuwalansi, mlandu wonse ndi chipukutamisozi zili pamutu panu.

Timuganizirenso mwini njinga. Kwa inu ndi chokwera cha tsiku limodzi, kwa iye ndi munda wake. Ena njingazo adazitenga pangongole, ena ndi za mabwana amene amafuna ndalama yawo madzulo aliwonse. Akamakufunsani mafunso ambiri, kapena kufuna kuona chiphaso chanu cha unzika, musakwiye, poti njinga zimabedwa ndipo akabaza ena avulazidwapo chifukwa cha njinga zawo. Khasu lobwereka silichedwa kuthyoka, choncho gwirizanani zonse poyera, pamaso pa wapampando wa siteji kapena mboni imene nonse mukuidziwa. Mtengo ndi wa maola angati? Mafuta athira ndani, ndipo ibwerere ndi ochuluka bwanji? Tayala likaphulika alipira ndani? Nanga injini ikafa yokha? Jambulani njingayo ndi foni mbali zonse musadanyamuke, kuti galasi limene lidasweka kale lisadzakhale lanu pobwera. Tenganinso nambala yake ya foni.

Mafuta thirani okwanira musadachoke, ndipo ngati n'kotheka thirani pamalo omwetsera mafuta. A m'mabotolo a m'mbali mwa msewu amapulumutsa pamavuto, koma simudziwa chimene chasakanizidwamo, ndipo injini ikayamba kutsokomola, mwini wake adzaloza inu.

Njinga yabwino imathanso kuipa chifukwa cha woyendetsa. Nyamukani mofatsa, imani mofatsa. Pamchenga tsitsani giya, musagwire buleki yakutsogolo mwamphamvu, ndipo pamene pazama muuzeni mnzanu atsike ayende pansi mapazi ochepa. Palibe manyazi pamenepo. Muuzeni kuti pokhota thupi lake litsate lanu, asalimbane nalo, ndipo mukaima asatsitse mapazi mpaka mutamuuza. Pumulani pakatha mphindi 40 kapena ola, mumwe madzi pamthunzi. Nyamukani m'mamawa dzuwa lisadakwiye, ndipo mubwerere kusadade, chifukwa usiku msewu uno umadzaza ndi njinga zakapalasa zopanda nyali, anthu oyenda pansi ndi mbuzi. Za mowa sindichita kunena: amene wagwira mahandulo adikire afike kunyumba.

Amene mukulakalaka kukafika kunkhalango ya Nkhotakota Wildlife Reserve, kumbukirani kuti si nkhalango ya masiku aja. Bungwe la African Parks lidayamba kuisamalira mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 kudasamutsidwira njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Njovu ndi kulira kwa njinga yamoto siziyenderana. Funsani kaye kwa oyang'anira nkhalangoyo za kayendedwe kake, ndipo konzekerani kuti njinga itsale pachipata.

Pomaliza, pali nthawi imene njinga yabwino ndi kusabwereka njinga. Ngati simudanyamulepo munthu, tsiku la chikondwerero pamsewu wodzaza si tsiku lophunzirira. Lembani akabaza awiri odziwika pasiteji, aliyense akwere yake, ndipo inunso mudzaona nyanja m'malo moyang'ana maenje. Ngati mayi anu ndi okalamba, amadwala msana kapena amamva chizungulire, kapena mkazi wanu ndi woyembekezera, akwezeni minibasi kapena sonkhani ndi abale mupeze galimoto. Ndipo njinga ndi ya anthu awiri. Zoika mwana pa thanki, wina pakati, wina kumsana kwa mayi ake, tazionera kokwanira m'zipatala zathu.

Mphatso ya ulendo imayezedwa pobwera. Ngati amene mudamunyamula watsika akufotokozera anzake za ngalawa za pa Chia ndi mtengo wa chambo, mudasankha bwino. Ngati watsika akufunsa madzi otentha othowera msana, chaka chamawa adzakuuzani kuti mungomugulira chitenje. Choncho mukafika pasiteji, musatsogole nokha. Mutengeni mwini chishalo chakumbuyo, akhalepo, aponde, agwire, ndipo mawu omaliza akhale ake.